Tayala lakumbuyo likamangophwa, musathamangire chigamba

Ulendo wanga woyamba wapanjinga wochoka ku Chipata kupita ku Lundazi ndinauwerengera masiku awiri. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180, choncho ndinati ndigona panjira kamodzi, mawa lake dzuwa likamapendeka ndikhale nditafika pa nyumba ija yooneka ngati linga la mafumu a ku Ulaya, imene bwana DC wa nthawi ya atsamunda, Errol Button, anamangitsa pafupi ndi damu. Ndinakafika tsiku lachitatu. Tsiku loyamba lokha tayala lakumbuyo linaphwa kanayi. Ndimati ndikamata n'kupopa, ndipalase ola limodzi kapena awiri, basi njinga yayambanso kugwedeza kumbuyo ngati bakha.

M'mawa wa tsiku lachiwiri ndinapeza mdala wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, zipangizo zake atayala pa saka. Ndinapereka moni n'kunena kuti, "Abambo, ndigulitseniko chubu chatsopano, changachi chatha ntchito."

Iwo anatenga chubu changa, kuchitembenuza kawiri, n'kuchitambasula pa bondo.

"Achimwene, zigamba zanuzi mwaona pamene zakhala?"

Zonse zinayi zinali zitaunjikana malo amodzi, moti dzanja limodzi likanaziphimba. Mdala uja anavula tayala lonse pa limu, analipinda kuti m'kati mutulukire kunja, n'kuyendetsamo kansanza pang'onopang'ono. Kansanza kanakodwa. Anapinda pamenepo mwamphamvu, ndipo panatulukira kawaya kakafupi ngati tsitsi la m'nsidze. Anakazula ndi pulayala n'kundiikira m'dzanja. Chubu sanandigulitse.

Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kunena kuti ndili ndi tsoka la minga. Tayala likaphwa kamodzi, imeneyo ndi nkhani ya pamsewu, aliyense zimamuchitikira. Likaphwa kawiri kapena katatu tsiku limodzi, chimene chikuboolacho mukuyenda nacho nokha, ndipo chubu chimanena chimene chachilasa. Mungofunika kuona zinthu ziwiri musanapake solushoni, guluu womatira zigamba uja: bowo lili mbali iti, ndipo likuoneka bwanji.

Musanasolole chubu

Ambirife tikangoona kuti laphwa timasolola chubu msangamsanga n'kuchiponya pansi, tayala n'kumalizunguza pa limu. Tikatero tafafaniza mapazi a wakuba. Tsegulani mbali imodzi yokha ya tayala, tulutsani chubu, koma musachitembenuze, ndipo tayala lisasunthe pamene linali. Popani chubu mpaka chifufume, muchiyendetse pafupi ndi milomo. Milomo imamva kampweya kamene khutu silingamve, makamaka pamsewu waukulu pamene malole akudutsa. Ngati sikakupezeka, pemphani beseni la madzi pakhomo lapafupi kapena pachitsime, muviike chubu chigawo ndi chigawo mpaka muone thovu. Mukapeza bowo lizungulizeni ndi bolopeni kapena mutsomekemo kaudzu, kenako gonekani chubu pa wilo, valavu pa bowo lake la pa limu. Pamene pagwera bowo la chubu ndi pamene muyenera kufufuza pa tayala ndi pa limu.

Kuti ntchito imeneyi izipepuka, povala tayala muziika dzina losindikizidwa pambali pake moyang'anizana ndi valavu nthawi zonse. Mukatero ngakhale mutavula tayala lonse mudzadziwabe pamene linakhalira.

Ndiye funso loyamba: bowo lili kumsana kwa chubu, mbali yoyang'ana msewu, kapena lili kumimba, mbali yoyang'ana masipoko?

Kabowo kamodzi kumsana

Aka ndi ka chinthu chochokera panja, munga, galasi kapena waya. Vuto si kulasa kwake koyamba, vuto ndi loti chimatsalira mu tayala. Munga wa mthethe umathyokera m'katimo, kunja osaoneka kanthu. Tayala likakhala lopanda mpweya nsonga yake imabisala mu labala, moti mukhoza kupitapo ndi chala osaimva. Mukapopa n'kukwera, kulemera kwanu kumaikankha, n'kuyamba kujompha chubu pang'onopang'ono nthawi iliyonse wilo ikazungulira. N'chifukwa chake simuphwa pompo, mumaphwa patapita ola, inu mutakhulupirira kale kuti mwakonza.

Tiwaya tija timachokera ku matayala a malole amene aphulikira pamsewu. Pa Great East Road, kuchokera ku Mwami kudutsa ku Katete, Sinda mpaka ku Petauke, zidutswa zakuda zimene mumaona m'mbali mwa phula zili ndi waya wachitsulo m'kati, ndipo waya ameneyu amathothoka n'kumwazika pomwe ife apanjinga timadutsa. Mukaona chidutswa cha tayala la lole chilambalaleni patali, osangoti kuchizemba pang'ono. Pofufuza musayambe ndi chala, waya ameneyu amacheka. Tengani kansanza kapena kathonje, kuno thonje silisowa m'minda, muyendetse m'kati mwa tayala kuzungulira konse, kupita ndi kubwerera, chifukwa waya wopendekera mbali imodzi amakola pobwerera pokha. Mukapeza chimodzi musaleke. Amene anadutsa pa minga sanaponde umodzi.

Nyengo nayonso ili ndi mbali yake. Amene amapalasa kupita ku Kulamba ku Mkaika mu August amayenda nthawi imene tchire lauma, kwina latenthedwa, ndipo tinjira tachidule tadzaza minga youma ndi zitsa zosongoka. Pamenepo lamulo langa ndi limodzi: ndikapatuka kukapuma pamthunzi njinga ndimainyamula, kapena ndimaikankha n'kuyendera matayala onse ndi maso ndisanakwerenso. Minga yambiri timaitola popuma, osati poyenda. Opita ku Nc'wala ku Mtenguleni mu February vuto lawo ndi lina. Labala wonyowa amachekeka msanga, timiyala takuthwa timamatirira ku tayala ndi matope mpaka titalowa, ndipo chigamba sichigwira pa chubu chonyowa. Nthawi ya mvula sungani kansalu kouma m'pulasitiki.

Ngati mwafufuza bwinobwino osapeza kanthu koma mabowo akungobwera malo osiyanasiyana, yang'anani tayala lenilenilo. Likafika posalala pakati, ulusi n'kuyamba kuonekera, ngakhale kamunga ka udzu kamalowa. Ligulireni lina. Ine latsopano ndimaika kumbuyo ngati lakutsogolo likadali ndi mano. Chimene sindichita ndi kutenga lakutha n'kulisamutsira kutsogolo ati kuti limalizike, chifukwa lakumbuyo likaphulika mumangoima, koma lakutsogolo likaphulika pamtsetse mumakadya fumbi.

Anyamata ena onyamula makala amadula mikombero ya tayala lakale n'kulilowetsa m'kati mwa latsopano kuti likhale lochindikala. Zimathandizadi pa minga. Koma njinga imalemera kupalasa, ndipo ngati m'mphepete mwa chidutswacho simunasalazidwe, ndi momwemo mmene mudzayambe kudya chubu. Paulendo wa masiku angapo ine ndimakonda chubu chakale chong'ambidwa m'litali, chimene ndi chofewa ndipo sichicheka chinzake.

Timabowo tiwiri toyandikana

Mukapeza timabowo tiwiri tating'ono, kena apa kena apa ngati polumidwa ndi njoka, musavutike kufuna munga. Chubu chinapanikizika pakati pa limu ndi mwala kapena mlomo wa dzenje, ndipo milomo iwiri ya limu ndi imene yaboola. Gwero lake ndi mpweya wochepa pa katundu wochuluka.

Apa mpamene paulendo wautali timalakwira ambiri. Njinga imene imayenda bwino kuchoka ku Kapata kupita m'tauni ndi munthu mmodzi timaisenzetsa chikwama, bulangete, mphika, ufa, zipangizo ndi chigubu cha madzi, zonse pa kaliyala. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye chigubu cha malita 5 chokha ndi makilogalamu 5. Ngakhale popanda katundu, gawo lalikulu la thupi la wokwera limakhala pa wilo yakumbuyo. Mpweya umene unkakwana masiku onse sukwananso.

Kufinya tayala ndi chala chachikulu kumanamiza. Mangani katundu yense, khalani pa chishalo, wina ayang'ane tayala lakumbuyo kapena muliyang'ane nokha mutatsamira mtengo. Likafutukuka kwambiri m'mbali, onjezani mpweya. Mulingo wake unalembedwa pambali pa tayala, nambala yotsatana ndi zilembo za PSI kapena kPa, ndipo musaupitirire. Chubu chilichonse, ngakhale chopanda bowo, chimataya mpweya pang'onopang'ono, choncho popani m'mawa uliwonse musananyamuke. Katundu wina mupititseni kutsogolo kapena mumangirire pa felemu. Zolemera zikhale pafupi ndi chishalo, osati kulendewera kumapeto kwa kaliyala.

Kakweredwe nakonso. Pamisewu yafumbi ngati wochoka ku Katete kupita ku Msoro, mukaona mwala kapena ngalande imene simungaizembe, chepetsani liwiro n'kudzuka pa chishalo, miyendo ilandire kugundako. Malo ena oipa ndi pamene phula lathera. Lole kapena basi ikaliza hutala kumbuyo timathawira kunja kwa msewu, kenako pobwerera timakwera mlomo wa phula tili pansi ndi katundu yense. Machubu anga ambiri anafera pamenepo. Ndi bwino kuima, kudikira idutse, n'kubwerera pamsewu pamalo otsika.

Pali kulumidwa kwina kumene timadzipangira tokha. Mwamata bwinobwino, mwabwezera, mukuti mupope, mpweya sukulowa. Mwatsina chubu ndi sikuludilaiva pobwezera tayala. Potsegula gwiritsani ntchito timaliva ta matayala, zikasowa ndiye zigwiriro za masipuni awiri. Pobwezera yesetsani kumaliza ndi manja okha. Ikani kampweya pang'ono mu chubu kuti chisapindike, kankhirani mkombero wa tayala pakati pa limu pamene pali pozama, mbali yotsalayo idzalowa.

Bowo likakhala kumimba

Apa tayala lilibe mlandu, yang'anani limu. M'kati mwake mumakhala lamba wophimba mitu ya masipoko. Akaduka, akasuntha kapena akaola ndi dzimbiri, mutu wa sipoko umakhudza chubu. Kawirikawiri izi zimayamba mutangosinthitsa sipoko yothyoka. Sipoko yatsopano ikakhala yotalikirapo, nsonga yake imatulukira pamwamba pa mutu wake, ndipo wokonza amene ali pachangu amangobwezera lamba osaipala. Uzani wokonzayo mwaulemu kuti, "Abambo, tayendetsaniko chala m'limumo tisanatseke." Ikapezeka, ipalidwe ndi fayilo mpaka ifanane ndi mutu.

Pa malimu achitsulo a njinga zathu zakale, monga za Eagle zimene zinkamangidwa konkuno ku Chipata pa Luangwa Industries, lamba wodula ku chubu chakale amakwana. Koma njinga zambiri za salaula zili ndi malimu a aluminiyamu a zipupa ziwiri, okhala ndi mabowo akuya pa sipoko iliyonse. Pamenepo labala amabonyokera m'bowo mukapopa kwambiri, chubu n'kumutsatira mpaka kuchekeka pa mlomo wa bowolo. Chizindikiro chake ndi timatuza totukuka pamimba pa chubu, totalikirana mofanana. Malimu amenewa amafuna lamba wosatamuka, wa nsalu yolimba kapena wa pulasitiki.

Ngati chang'ambika patsinde pa valavu, chubu chimenecho chapita, chigamba sichikhala pamenepo. Koma funsani chifukwa chake, apo ayi chatsopanonso chidzatero. Tayala lofewa limatsetsereka pa limu mukamagwira mabuleki, n'kumakoka chubu, valavu n'kupendekeka mpaka kuzuka. Mukaona valavu yayamba kuwerama, phwetsani, iwongoleni, mupope mokwanira. Kanati ka pa valavu musakamange ndi sipanala, zala zokha zakwana.

Nthawi zina mumaviika chubu chonse m'madzi osaona thovu ngakhale limodzi. Pakani malovu pakamwa pa valavu. Akatukuka, nkhani ili pamenepo. Mavalavu a njinga zakale ali ndi kalabala kakang'ono kovala pa kachitsulo ka m'kati, ndipo kakapsa ndi dzuwa kamang'aluka. Ndi kotchipa, sikalemera, nyamulani tingapo. Mavalavu onga a galimoto ali ndi kamtima kamene kamamasuka, ndipo kamangofuna kumangidwa ndi kachivindikiro kokhala ndi mphanda. Musananyamuke onetsetsaninso kuti pampu yanu ikugwirizana ndi valavu ya chubu chapadera chimene mwagula. Ndinaonapo munthu atakhala pansi ndi chubu chatsopano ndi pampu yabwino, koma ziwirizo zosadziwana.

Chigamba chimene chimangomatuka

Mwina bowo latsopano palibe, mpweya ukutulukira m'mphepete mwa chigamba cha dzulo. Apa mlandu ndi wathu, ndipo ndi changu. Chubu chimachoka ku fakitale ndi khungu loterera limene solushoni sagwirapo. Palani ndi sandipepa, ikasowa ndiye mwala wokhakhala, malo okulirapo kuposa chigamba, mpaka asiye kunyezimira. Ngati bowo lili pafupi ndi msoko wotukuka wa chubu, msokowo muusalaze, chifukwa mpweya umayenda m'mbali mwake. Pakani solushoni wochepa, wopyapyala, kenako dikirani. Mphindi zisanu si zambiri. Solushoni ayenera kuuma mpaka asamamatirire ku chala, pamenepo mpamene amagwira. Tikaika chigamba akadali wamadzi timamutsekera m'kati, ndipo sauma. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaika chigamba kanikizani mwamphamvu ndi chigwiriro cha sipanala kuchokera pakati kupita m'mphepete, ndipo musapope chubu chili kunja kuti muyese, chifukwa chimafutukuka n'kukoka chigamba chisanakhazikike. Chiyeseni chili mu tayala.

Chigamba chodula ku chubu chakale chimagwira ntchito ngati mwachidula mozungulira, mwachipala, ndipo mwapaka solushoni mbali zonse ziwiri. Cha makona anayi chimayamba kutukuka pa kona. Kachubu ka solushoni kakangotsegulidwa kamauma kokha m'chikwama ngakhale mutatseka bwanji, ndiye ndi bwino kunyamula tiwiri tating'ono tosatsegula kusiyana ndi chimodzi chachikulu chimene munagwiritsapo ntchito chaka chatha.

Kutentha kumamatulanso zigamba. Mukamatsika mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, cha ku Kacholola, muli ndi katundu, mabuleki amatenthetsa limu mpaka osagwirika. Mpweya m'kati umafutukuka, chigamba chofooka chimasiya. Musamangofinya mabuleki ulendo wonse. Gwirani, siyani, gwiraninso, ndipo pamtsetse wautali imani mukhudze limu. Ikaotcha, khalani pansi mumwe madzi. Chimodzimodzi mu October mukatsikira kuchigwa cha ku Mambwe, njinga yopopa kwambiri musaisiye padzuwa masana.

Likaphulika ngati mfuti

Mukamva phuu! n'kupeza chubu chang'ambika motalika, ndiye kuti chinapeza potulukira. Mwina tayala lachekeka pambali, mwina mkombero wake sunakhale bwino mu limu, mwinanso chubu chinatsalira pansi pa mkombero pobwezera. Pa njinga za salaula yang'ananinso labala wa buleki. Akakwera pang'ono amakhula mbali ya tayala m'malo mwa limu, ndipo tsiku limodzi lokha ulusi umaduka kuzungulira konse. Pamene pachekeka ikani m'kati chidutswa cha saka ya feteleza chopinda kangapo kapena chidutswa cha tayala lakale chopanda waya, mupope mochepera, mukafike pogula lina.

Pogulapo samalani ndi nambala 28. Pali matayala awiri osiyana amene onse amatchedwa 28. La njinga zakale, lolembedwa 28 x 1 1/2, limakhala pa limu ya mamilimita 635. Lina, limene limabwera ndi njinga zambiri za kunja, limakhala pa limu ya 622. Kusiyana kwake ndi mamilimita 13 okha, ndi maso simungaone, koma la 622 silingalowe pa limu ya 635, ndipo la 635 pa limu ya 622 limalowa mosavuta n'kudzavuka mukapopa. Werengani manambala a pambali pa tayala lanu lakale, monga 40-635 kapena 47-622. Yachiwiriyo ndiye yofunika. Njinga za 26 zamagiya zambiri ndi 559. Chubu chachikulu mu tayala laling'ono chimapindika, ndipo popindikapo pamadzabooka. Ngati njinga yanu ndi ya 622, gulirani tayala ndi machubu ku Chipata musananyamuke, chifukwa m'magolosale a kumidzi chimene mungachipeze msanga ndi cha njinga zimene anthu a kumeneko amakwera.

Zonse zikakanika, zigamba zatha, solushoni wauma, mudzi uli kutali, pali njira ziwiri zokafikira. Dulani chubu pa bowo penipeni, mumange mfundo yolimba ku nsonga iliyonse, muchibwezere n'kupopa. Wilo idzagunda pamalo amodzi nthawi iliyonse ikazungulira, koma mudzayenda. Apo ayi chotsani chubu, mudzaze udzu wouma mu tayala mothinitsa kwambiri. Udzu umaphwanyika, ndiye mudzaima kangapo kuonjezera, ndipo muziyenda pang'onopang'ono kuti limu isapindike. Pamsewu wa ku Mfuwe, dzuwa likayamba kufiira muli pafupi ndi chigwa, musakhale m'mbali mwa tchire n'kumadikira solushoni aume. Njovu zimatuluka nthawi imeneyo. Kankhani njinga mpaka pakhomo loyamba, muodire, mupemphe malo ogona, chubu mudzachiona m'mawa pali beseni la madzi.